Udzere ku Nathenje Usanakwere Ndege

Elube,

Tandiyankha funso limodzi, poti ndiwe mlembi ndipo mawu sakusowa. Pamene unkalemba gawo lija la mkazi wodandaula pamaso pa ankhoswe, unkaganiza kuti ku Nathenje kulibe wailesi? Kapena unkayesa kuti anthu a kumeneko makutu awo anatsekeka ndi gaga? Usayambe kundiuza za dzina limene unasintha. Mbuzi yakuba ngakhale uimete ndevu, mwini wake amaizindikira pa kaliridwe.

Dzana pa foni tinalephera kumvana. Ine ndinakalipa, iwe unadula. Kukalipako sindikupepesa, umandidziwa. Koma kalata sungaidule, ndiye lero ndasiya ndowa za anthu zili zosakhoma, ndakhala pa benchi kuseri kwa shedi yanga, ndikulemba. Ndiipereka kwa Josofati kondakitala kuti akusiyire pa geti dzuwa lisanalowe. Uiwerenge yonse. Zilembo zanga n'zokhota, sukulu ndinalekera panjira, koma supezamo mawu oti ukafunse kwa munthu.

Nkhani ndi iyi. Mawa masana ukukwera ndege kupita ku Joni kukaphunzira za mafilimu, ndipo m'chikwama mwako muli sewero lomwe lija, loti akalisandutse filimu. Mawa lomwelo m'mawa ife ankhoswe tikukhala pansi ku Nathenje pa nkhani ya msuweni wako Lesitina ndi mwamuna wake Binisoni. Binisoni akufuna kuchoka, abwerere kwawo ku Diamphwe. Akuti mkazi wake ndiye anakupatsa chinsinsi cha m'nyumba mwawo kuti dziko lonse limuseke. Iwe ndi ine tikudziwa kuti Lesitina sanakuuzepo kanthu. Ukapanda kubwera kudzanena zimenezi ndi pakamwa pako, banja lija mawa latha.

Ndikukumbutse mmene mawu aja anayendera, chifukwa anthu a m'tauni mumaiwala msanga. Zaka zapitazo Binisoni anadwala shuga osadziwa, ndipo mphamvu za m'nyumba zinamuthera. Lesitina anapirira mpaka anatopa, n'kubwera kwa ine, tsibweni wake komanso nkhoswe yake. Tinakhala pa mphasa ife ankhoswe ndi eni banja basi, chitseko chotseka, ana titawatuma kudimba. Lesitina anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Atsibweni, ine m'nyumba muno ndimagona ndi achemwali anga. Timangofunditsana bulangete n'kufunirana tulo tabwino." Binisoni misozi inangoti mbwe. Palibe amene anaseka. Tinamuperekeza kuchipatala, anayamba mankhwala, zinthu zinabwerera m'malo mwake, ndipo mwana wawo wotsiriza uja, amene unamugulira nsapato pa Khirisimasi, ndiye umboni wake. Nkhani inathera pa mphasa pomwepo monga mwa mwambo. Nkhoswe ndi dzenje. Chimene chagweramo sichituluka.

Ndiye unabwera iwe chaka chatha ndi mapepala ako. "Ababa, tamverani gawo ili la ankhoswe ngati likumveka." Unawerenga. Mkazi wako wa m'seweromo ankayankhula ngati namwino wa ku sikelo: "Mwamuna wanga ali ndi vuto losowa mphamvu." Ndinapsa mtima, poti sewero loipa limandinyansa kuposa ndowa yodontha. Ndinati palibe mkazi wa kumudzi amene angayankhule choncho pamaso pa atsibweni ake, ndipo ndinakuuza mmene mkazi weniweni anayankhulira. Dzina sindinatchule. Iwe unafunsa kuti, "Ndi a Lesitina eti?" ine sindinakane, ndipo unamva yankho. Ndinakuuza kuti utengepo kayankhulidwe kokha, mawuwo uwasiye. Unati, "Ndamva ababa." Mbali yanga ndi imeneyo ndipo ndinaivomera kale pamaso pa abale onse. Unkhoswe andilanda, mawa ndi tsiku langa lomaliza kukhala pa mphasa ija. Katundu ameneyo ndi wanga, sindikukusenzetsa. Wako ndi uyu: unatenga mawu onse osasiyako ngakhale bulangete. Ndipo ngati kuti sizinakwane, mwamuna wa m'seweromo unamupatsa ntchito ya pa chigayo, unamukhazika kwawo kwa mkazi, n'kumupatsanso kamluzu kaja kamene Binisoni amaimba akamathira chimanga. Unangotsala pang'ono kutchula nambala ya nsapato yake.

Sewero linamveka pa wailesi Lachinayi lina. Loweruka amayi anali atandanda pa chigayo ndi matumba awo. Mmodzi, amene ndikumudziwa ndipo tsiku lina adzandimva, anatula thumba lake n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji achemwali? Mutigayire wosalala, paja za kukhitchini mumazidziwa." Mzere wonse unafa ndi phwete. Binisoni anazimitsa injini, anapukuta manja, n'kupita kunyumba ufa uli mbuu m'mutu. Pa chigayo sanabwererenso. Tsopano anyamata a kabaza amamuitana choncho, ana a sukulu amamuimbira kamluzu kake akamadutsa. Kutchalitchi anasiya, chifukwa wina anamunong'oneza kuti wasochera, mbali ya amayi ndi inayo.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Nathenje kukamuuza kuti mawu anatulukira kwa ine. Ndinamupeza kuseri kwa khola la mbuzi, komwe amakhala masiku ano kuti odutsa mu msewu asamuone. Anandipatsa mpando, iye n'kukhala pa njerwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Bambo, mwachita bwino kubwera. Koma inu ndinu atsibweni ake, ntchito yanu ndi kumuphimba. Nkhoswe yaikulu ngati inu singatulutse za pa mphasa. Amene amacheza ndi a Elube pa foni ndi mayi a m'nyumba muno." Waona? Ulemu umene amandipatsa ndi umene ukupasula banja lake. Sakukhulupirira kuti ndingakhale chitsiru chotero. Lesitina walumbira mpaka mawu aphwa. Sakudya, waonda ngati chiputu cha fodya. Mboni yatsala imodzi, ndipo mawa ikukwera ndege.

Pa foni unati, "Ababa, ndi sewero chabe, ndipo abambo ambiri apita kuchipatala chifukwa cha gawo limenelo." Mwina n'zoona. Ndipo ndikuuze chimene chikundiwawa kwambiri: gawolo ndi labwino. Ndinalimvera pa shedi pano, ndipo mutu usanazindikire chimene chachitika, mtima unali utakondwa kale, ngati mmisiri akaona msoko wowongoka. Unalilemba bwino kuposa mmene ine ndikanalilembera. Koma abambo ambiriwo sindikuwadziwa, Elube. Ine ndikudziwa Binisoni. Munthu saotcha nyumba ya mbale wake kuti mudzi uone njira ya kuchipatala.

Usaganize kuti akuyankhulayu ndi wokhoma ndowa chabe. Usanabadwe ndinali ndi gulu langa la zisudzo pano pa Mitundu, ndipo zina unazimvako kwa anthu. Nsanja yathu inali ngolo ziwiri zogundanitsa, makatani athu anali ziguduli zosoka. Pa tsiku la msika anthu ankasiya tomato pa mulu kudzationera, mpaka a Mwenye a golosale ankatseka chitseko n'kubwera ndi mpando wawo. Palibe anandiphunzitsa. Iwe magazi amenewa unawatenga kwa ine. Tsiku lija unalemba sewero lako loyamba ku sekondale, ndinakukhomera chisoti cha mfumu ndi malata otsala, ndipo mutapambana ndinayenda msika wonse ndikuuza ngakhale anthu osandifunsa. Sewero lako loyamba la pa wailesi ndinalimvetsera ndi khamu pa shedi pano, wailesi nditaiika mu ndowa kuti mawu akule. Choncho sindine mdani wa ntchito yako. Koma magaziwa ali ndi matenda ake, ndipo imva mmene anandipwetekera ine.

Kunali mkulu wa mpingo wina kuno, a Zakeyu. Lamulungu ankatukwana mowa mpaka thovu kukamwa, koma kunyumba ankamwera kachasu mu ketulo ya tiyi. Ndinawaika m'sewero. Dzina ndinasintha, monga iwe, koma ndinatenga kayendedwe kawo ndi kachifuwa kamene ankatsokomola asananene kuti "abale anga." Anthu anaseka mpaka ena anakhala pansi. Ine pa ngolo paja ndinadziona ngati mfumu. M'khamumo munali mwana wawo wamkazi akugulitsa zitumbuwa. Ndinamuona akuchoka, beseni atalisiya pomwepo. A Zakeyu anawachotsa paukulu, manyazi anawasamutsa, anakathera ku Dzalanyama kuotcha makala, ndipo anabwerako ali m'bokosi. Ndinapita ku maliro. Nditagwada kuti ndipepese, akazi awo anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwabwera kudzatenga sewero lina?" Ndipo dziwa kuti a Zakeyu anali ndi mlandu, ankanamiza mpingo. Nanga Binisoni analakwa chiyani? Anadwala basi. Ukafuna kuseka, seka amene ali ndi mpando ndi ndodo, amene angakubwezere. Munthu amene analira pamaso pa ankhoswe anagwa kale, sapondedwa.

Chinandichitikira pambuyo pa maliro aja uchimvetse bwino, chifukwa chikukhudza mphika wako. Anthu anayamba kutsitsa mawu ndikafika. Pa bawo nkhani inkaduka, pa chigayo amayi ankatsinana. Masewero anga anayamba kuuma, chifukwa chitsime cha mlembi ndi pakamwa pa anthu, ndipo ine ndinali nditachitsira dothi ndekha. Iwe zayamba kale kukuchitikira, sukudziwa chabe. Azakhali ako anauza ana onse kuti a Elube akabwera muzingoyankha moni. Amayi ako ku chitsime anzawo amasintha nkhani akawaona. Udzakabwera kuchokera ku Joni ndi satifiketi ndi makina ojambulira, udzapeza mudzi wonse wakutsekera pakamwa. Pamenepo uzidzalemba za ndani? Za anzako a m'maofesi amene amayankhula ngati zikwangwani? Bwera ku Nathenje mawa, ngakhale chifukwa cha ntchito yako yomwe.

Cholakwa china ndinachita ndi anthu a bungwe lina amene anabwera pa galimoto yoyera. Ankafuna sewero la mtsikana wosiyitsidwa sukulu. Ndinali nalo kale. Langalo linkathera pamene bambo ndi mayi akukangana, aliyense ali ndi mfundo yake, mtsikana ataima pakhomo ndi kachikwama, osadziwa kolowera. Anthu ankapita kwawo akutsutsana njira yonse, mpaka ena osalankhulana tsiku lotsatira. Mayi wina wa magalasi wa m'bungwemo anaonera n'kunena kuti, "Bambo, ndi labwino, koma uthenga sukuoneka." Anafuna kuti kumapeto kubwere mlangizi wovala malaya a bungwe lawo, ayankhule, bambo uja agwade, onse aombe m'manja. Ndinadziwa kuti ndi zopusa. Ndinavomera chifukwa anatilonjeza masikipa ndi kukwera galimoto yawo mpaka ku Lilongwe. Tsiku lochita sewerolo, mlangizi atangoyamba ulaliki wake, anthu anayamba kubwerera ku tomato wawo. Mdala wina wogulitsa mipini anandiyandikira n'kunena kuti, "A Layisoni, lero mwatiphikira madzi." Sikipa ija ndinapukutira nayo njinga mpaka inatha.

Kumene ukupitako akukuyembekeza anthu otero, ovala bwino kuposa mayi uja. Adzakuuza kuti filimu yako ndi yabwino koma Afirika sakuoneka. Adzafuna ana opanda nsapato, ntchentche pamaso, mfiti pa lichero. Ukawauza kuti kwanu anthu ali ndi mafoni ndipo amakangana za mpira, adzagwa nkhope. Usagulitse mathero a sewero lako chifukwa cha chakudya cha mu hotela. Ndipo gawo la Binisoni adzalikonda kuposa onse, ndikuuziretu. Sadzalikonda chifukwa cha shuga kapena chipatala. Adzalikonda chifukwa muli mwamuna wa kumudzi woti amuseke. Pa wailesi anthu anangomva mawu. Mu filimu adzaona chigayo, adzaona nkhope, ndipo filimuyo idzafika pa mafoni a anyamata a kabaza a pa Nathenje iwe usanatsike n'komwe ndege yobwerera. Mawu a pa wailesi amapita ndi mphepo. Filimu mwana wa Lesitina adzaionera ali ndi ndevu.

Chachitatu ndi cha munthu wa m'tauni amene anabwera ndi kawailesi kojambulira mawu. Anati akufuna akamvetse mabwana ake luso la ku Mitundu. Tinamuchitira sewero lathu labwino koposa, la mkamwini ndi apongozi olimbirana khasu, tinamuphera nkhuku, ndinamuperekeza mpaka pa minibasi. Patapita miyezi ndinalimva pa wailesi, mawu anga onse, nthabwala zanga zonse, ndipo kumapeto anatchula dzina lake kuti ndiye mlembi. Wailesi ija ndinaimenyetsa pa mwala, amayi ako mpaka lero amandikumbutsa kuti inali yawo. Ndinapita ku Lilongwe. Mlonda wa pa geti anandifunsa kuti, "Madala, muli ndi pepala losonyeza kuti ndi lanu?" Ndinalibe. Masewero anga onse ankakhala m'mutu. Ndinabwerako wapansi theka la njira, ndikutukwana mitengo. Choncho iwe dzina lako lizikhala pa tsamba lililonse. Pepala limene akupatsa kuti usayine uliwerenge mpaka timalemba tating'ono ta pansi, ndipo akakufulumizitsa, pamenepo ndiye uchedwe dala. Amene akukutamanda kwambiri umuyang'ane m'manja.

Koma nkhani imeneyi sindinakuuze kuti udzitchinjirize kokha. Ndikudziwa mmene zimawawira kumva mawu ako ali m'kamwa mwa mlendo pa wailesi, iwe uli phee, osatha kuwabweza. Ine anandibera sewero, chinthu chimene ndinapangira dala kuti anthu amve. Lesitina iwe unamubera mawu amene ananena kamodzi m'moyo wake, chitseko chotseka, mutu uli pansi. Munthu wa kawailesi uja ndamutukwana zaka zonsezi. Sindinaganizepo kuti ndikulera wina m'nyumba mwanga.

Pali chinthu chimene iwe sungachidziwe chifukwa unabadwira pamudzi pa amayi ako, pomwe mtengo uliwonse ndi wako. Ine kuno ku Mitundu ndine mkamwini, monga Binisoni ku Nathenje. Mkamwini alibe munda, alibe mtengo, ngakhale nyumba imene waumba njerwa zake yekha ili pa dothi la eni. Chake ndi chimodzi: ulemu umene anthu amamupatsa akamadutsa. Ukamulanda umenewo watsala ndi thalauza basi. N'chifukwa chake Binisoni sangangoseka nawo n'kuiwala, monga unanenera pa foni kuti anthu atopa nayo nkhaniyi. Mwini mudzi angapirire kusekedwa, poti sangachoke. Mlendo akasekedwa amayang'ana njira. Mawa lino nawe ukukakhala mkamwini m'dziko la eni. Udzandikumbuka tsiku limene adzakuseke chifukwa cha kayankhulidwe kako, iwe wopanda pothawira.

Ndikupatse nkhani ina imene sunaimvepo, chifukwa nkhoswe yanga inali dzenje lenileni, inapita nayo kumanda. Chaka chimene amayi ako anali ndi pakati pa iwe, tinkakonzekera sewero lalikulu. Nazale ya fodya ndinaisiya m'manja mwa Mulungu. Ndinkatuluka ndi makheni m'mawa ngati ndikupita kukathirira, n'kuwabisa m'tchire, ine ulendo kokayeserera sewero. Mbande zonse zinapsa. Agogo ako aakazi atatulukira, anandipeza pa ngolo nditavala diresi ya mwana wawo yemwe, ndikuchita gawo la mkazi wolongolola, nditaika mapapaya pachifuwa. Sanakalipe. Anangoti, "Mukamaliza mubweze diresiyo, mwini wake alibe ina yopitira ku sikelo." Pofika kunyumba ndinapeza bulangete langa ndi nyundo zanga zili pakhonde. Ndinagona m'chigafa cha fodya mpaka ankhoswe atakhala pansi. Ndinagwada, ndinalira, ndinalonjeza, ndipo gulu la zisudzo linathera pomwepo. Akanakhala kuti wina anatulutsa za pa mphasa ija, ndikanachoka ndi manyazi, ndipo iwe ukanakula ukundimva dzina chabe.

Nkhani imeneyo ndi yanga, ndiye ndili ndi mphamvu yoipereka. Itenge. Ngati filimu yako ikufuna mwamuna wa kumudzi woti dziko limuseke, nayu. Uike diresi, uike mapapaya, uike chigafa, dzina usasinthe n'komwe. Amayi ako ndawafunsa, angoti, "Alembe, mwina anthu adziwe chimene ndinakwatiwa nacho." Ndi mmene mlembi amachitira: amapempha, ndipo akakanizidwa amapeka yake. Mutu uli nawo, wabwino kuposa wanga. Sunasowe nkhani, Elube. Unachita ulesi, unapeza mawu okoma ali okonzeka kale, n'kutola ngati mango a m'munda wa eni.

Zina ndi zazing'ono, koma ndinene poti sindikudziwa ngati tidzakhalanso pansi posachedwa. Akuti kumeneko kumazizira koopsa, juzi ija amayi ako anakulukira usaisiye chifukwa choti si ya fasho. Uziwaimbira Lamulungu akaweruka ku tchalitchi. Ine usavutike nane, koma iwo amagona ndi foni pamutu. Uziyamba kulemba m'Chichewa kenako n'kumasulira, chifukwa anthu ako ukawayambitsa m'Chizungu onse amayankhula ngati namwino uja. Anzako a ntchito usamamwe nawo mpaka kuwauza za kwanu. Pakamwa pathu m'banja muno mpotayirira, waona pomwe patifikitsa. Akakudzudzula pa ntchito usapse mtima ngati ine, umve kaye, ukatukwanire kunyumba. Ndipo ukadzabwerako usadzatiyankhule ndi m'mphuno.

Mwina ukuwerenga uku ukunena kuti ababa akufuna kundiwonongera ulendo. Ayi. Ulendowu ndaulota ine iwe usanabadwe, ndipo pa shedi pano palibe kasitomala amene sanamve kuti mwana wanga akupita ku Joni. Pita, ukaphunzire, ukawapose. Koma nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, ndipo kuno zikupota anthu amene sanadye nawo n'komwe. Iwe ukakhala m'mwamba, Lesitina adzakhala akuuza ana ake chifukwa chimene bambo awo achokera. Adzawauza chiyani? Kuti anti awo a pa wailesi ankafuna gawo loseketsa?

Tsono mvera zochita. Ukwere minibasi yoyamba ya ku Dedza, utsike pa Nathenje. Ndege yako ndi ya masana, ndafunsa, nthawi ikukwana ngati suchedwa ndi galasi. Uvale chitenje. Foni uzimitse n'kuisiya m'chikwama, wina asaganize kuti wabwera kudzajambula. Usanyamule mphatso, Binisoni si mwana woti umutonthoze ndi buledi. Ukafika ukhale pansi, mpando ukaukane ngakhale akukakamize. Usakayambe za abambo ambiri amene apita kuchipatala, usakayambe za luso. Ukayang'ane alamu ako n'kunena kuti mawu aja unawamva kwa ine, kuti ndinakuletsa, kuti unawatenga mwadala, ndipo kuti a Lesitina sanakuuzepo kanthu ngakhale tsiku limodzi. Akakufunsa kuti ndinakuuza liti ndi kuti, ukayankhe zonse, usandiphimbe. Kenako utulutse sewero lija m'chikwama, usolole masamba a gawo limenelo pamaso pake, umupatse m'manja achite nawo chimene akufuna. Ndipo ulonjeze pamaso pa ankhoswe kuti uwauza a wailesi asadzalibwerezenso, ndi kuti mu filimu simudzakhala chigayo, kamluzu kapena bulangete.

Sindikukulonjeza kuti Binisoni akhala. Dzina limene anamupatsa pa chigayo silichoka ndi kupepesa kwako, ndipo mwina manyazi amunyamulabe. Koma ngati achoke, achoke akudziwa kuti mkazi wake sanamugulitse. Ndipo ine ndikumudziwa Binisoni: chimene chikumuthamangitsa si amayi a pa chigayo, ndi kuganiza kuti munthu amene amagona naye nyumba imodzi ankaseka nawo. Chimenecho ungachichotse ndi iwe wekha, ndipo sichifuna digiri.

Mchimwene wa Binisoni wabwereka kale ngolo yodzanyamulira katundu kupita ku Diamphwe. Akuti afika dzuwa likayamba kutentha. Ufike iwe ngoloyo isanafike.

Ndine bambo ako,
Layisoni